Mayi Zuze ndi Mtsinje Wofiira wa pa Tebulo la Makeke

Ndiyambe ndi kupepesa. Ine si mlembi, ndipo kupatula makalata a ku ofesi kumene ndimagwira ntchito ku Sunnyside, sindinalembepo chinthu choti anthu osandidziwa awerenge. Kusukulu ndinapitako ndithu, koma za nyanja zamchere sindinaphunzire, ndipo nyanja yotero sindinaionepo n'komwe. Choncho paliponse pamene ndafotokoza za kayendedwe ka madzi, ndinayamba ndafunsa kwa mwana wa mwini nkhaniyi, n'kudzafunsanso, mpaka ndikukhulupirira kuti ndinamutopetsa. Pakapezeka cholakwika, n'changa. Mwini nkhani, mayi Bertha Zuze, nditawapempha chilolezo anangoti, "Lembani, koma musandipake kirimu ngati keke. Mundilembe mmene ndililimu." Ndayesetsa.

Mayi Zuze kwawo ndi ku Nsanje. Anabwera ku Blantyre atangokwatiwa kumene, kutsatira amuna awo amene ankagwira ntchito ya njanji ku Limbe. Bambowo anatisiya kalekale, koma mayiwa sanabwerere ku chigwa cha Shire. Anatsala m'nyumba yomweyo ku Chitawira, n'kumaphika makeke a ukwati, a chinkhoswe ndi a tsiku lobadwa. Ndi mayi wamfupi, wa mikono yolimba, wosabisa mawu, ndipo akapsa mtima Chisena chimayamba kusuzumira m'Chinyanja chawo.

Chimene ankachinyadira kuposa makeke chinali yunifolomu ya bungwe la amayi a mumpingo: bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera. Inkakhala yositasita, itapachikidwa payokha kuseri kwa chitseko. Amene sapemphera ku mipingo yotere mwina sangamvetse, choncho ndifotokoze pang'ono. Mayi wa m'bungwe akamwalira amavekedwa yunifolomu yake, ndipo anzake amabwera atavala zawo, kudzamuimbira ndi kumuperekeza mpaka kumanda. Amene anavulidwa yunifolomu sachitiridwa zimenezi. Kwa mayi wamasiye amene abale ake ali kutali, amayi amenewa ndiwo abale.

Mwana wawo ndi mmodzi, Tisungeni, amene akupitiriza maphunziro ku Cape Town. Tsiku lina akuweruka ku mapemphero a Lachinayi, mayi Ethel, wapampando wa bungwe, amenenso nyumba yawo ili kuseri kwa mpanda wa mayi Zuze, anafunsa pagulu.

"Amake Tisu, kodi mwana uja akuphunzira chiyani chosatha kumeneko?"

"Za madzi."

"Zabwinotu zimenezo. Abwere adzatikonzere mipopi, tatopa n'kuyenda ndi zigubu."

Amayi anaseka, mayi Zuze nawonso anaseka nawo. Koma panjira zinawaluma. Sanadandaule ndi nthabwala ya mayi Ethel ayi. Chinawapweteka n'chakuti yankho lawo linathera pa mawu awiri omwewo. Atafika kunyumba anaimba foni asanavule n'komwe duku.

"Iwe Tisu, lero undiuze m'Chinyanja, Chizungu chako chija uchisiye. Umachita chiyani kwenikweni kumeneko?"

Tisungeni anafotokoza. Anati kutali kummwera, kumene nyanja imaundana, madzi amazizira kwambiri ndipo mchere umachuluka, ndiye amalemera kuposa madzi ena, n'kumira. Akafika pansi sangokhala phee. Amayenda ngati mtsinje, kutsata makwawa ndi mipata ya pakati pa mapiri a pansi pa nyanja, ndipo akamayenda amakoka madzi opepuka a pamwamba pake n'kusakanikirana nawo. "Ntchito yanga n'kufufuza kuti amasakanikirana mochuluka bwanji. Chovutitsa n'chakuti dziko limazungulira, amayi. Ndiye mtsinjewo suyenda pakati pa khwawa, umatsamira khoma limodzi."

"Zoti madzi ena amakana anzawo ndikuzidziwa," anatero mayi Zuze. "Ku Chiromo, Ruo akadzaza matope amalowa mu Shire yekhayekha, umachita kuona malire ndi maso. Koma zotsamira khomazo wandinamiza. Madzi ali ndi msana?"

"Simukukhulupirira? Tebulo lanu la makeke lija lilipo? Yesani nokha."

Tebulo la makeke ndi kathabwa kobulungira kokhala pa mwendo umodzi, kamene wophika amakhazikapo keke n'kumakazunguza ndi dzanja limodzi, linalo likupaka kirimu. Mayi Zuze anasanjikapo thabwa lokulirapo, n'kukhazika mbale yagalasi yaitali yophikira mu uvuni. Munali madzi a pampopi. Chakumapeto kumodzi anatchinga ndi kapulasitiki kodula pa chivundikiro cha kontena, ndipo kuseri kwa kapulasitikiko anathira madzi a mufiliji osungunuliramo mchere wambiri. Kuti madzi amcherewo azioneka, anadonthezamo utoto wa makeke. Umene unali wambiri m'kabati unali wofiira, wotsala pa ukwati wina. Foni anaimangirira pa thabwa ndi mphira kuti izijambula ikuzungulira limodzi ndi mbale.

Masiku oyamba zinakanika. Madzi ankakhavukira pa chitenje, kapena zonse zinkangovunduka n'kusanduka ngati sobo. Tisungeni ataona zithunzi anati, "Dzanja lanu likuthamanga kenaka likuchedwa. Liziyenda chimodzimodzi, ndipo mudikire mpaka madzi onse azolowere kuzungulira pamodzi ndi mbale, ndiye muzule kapulasitiki." Mayi Zuze anaganiza kuti chinthu chimene amachichita mosathamanga ndi mosachedwa, chaka ndi chaka, ndi nyimbo za m'buku. Anasankha ina yoyenda pang'onopang'ono, dzanja n'kumatsata mawu.

Tsiku limene zinatheka anali pakhonde la kuseri, masana, chifukwa m'khitchini muli mdima. Anaimba ndime yoyamba, yachiwiri, madzi anadekha ngati sakuzungulira n'komwe. Anazula kapulasitiki. Madzi ofiira aja anagwa chagada n'kuyamba kukwawa pansi pa madzi oyera, kutsogolo kwake kuli kotukuka ngati mutu wa mlamba. Asanapite patali anakhotera kumanzere n'kumamatira khoma la mbale, mbali inayo ya pansi n'kutsala yoyera mbee. Pamsana pake pankadzuka timafunde, n'kupindika, n'kumeza madzi oyera. Pofika kumapeto a mbale mtsinjewo unali utanenepa, utatuwa, ukuyenda mwaulesi. Anataya madzi n'kuyambiranso, koma ulendo uno anazunguza tebulo chobwerera. Mtsinje unakatsamira khoma la kumanja.

"Mwanawe, mtsinjewu uli ndi msana ndithu!" anakuwa pa foni. Tisungeni anaseka mpaka kutsamwa, n'kuwauza kuti kuzunguza koyamba kuja, kotsata mivi ya wotchi, ndiko kwathu kuno kummwera kwa dziko. Kuyambira pamenepo, keke ikangolowa mu uvuni, mbale inkakwera pa tebulo.

Masana ena mayi Ethel anazungulira kuseri kudzabwereka sefa.

"Odi kuno! Odi... Mayo ine! Amake Tisu, magazi amenewo ndi a chiyani?"

Apa ndi pamene panalakwika. Mayi Zuze anali atangozula kapulasitiki, ndipo kusiya kuimba kukanasokoneza dzanja. Anangotukula chibwano kusonyeza kuti dikirani, n'kupitiriza ndime mpaka kumapeto, maso ali m'mbale. Munthu wamkulu, wapampando, anaima pamenepo odi wake wosayankhidwa.

"Pepani, amake Kenny," anatero atamaliza. Kenny ndi mwana woyamba wa mayi Ethel. "Ndi utoto wa makeke uwu, umu ndi mchere. Khalani pansi ndikuonetseni."

"Mchere, zofiira, n'kumaziimbira nyimbo ya Mulungu, munthu osamva ndi odi yemwe? Ndikhale pansi ineyo? Zikomo, ndaona kale."

Sefa anaisiya. Pofika Lamulungu nkhani inali itamera miyendo. Anthu amene anakhala nawo zaka zonsezi mwadzidzidzi anakumbukira kuti mayiwa ndi a ku Nsanje, ndipo ankatchula dzina la bomalo motsitsa mawu, ngati likufotokoza zonse. Ena anakumbukira banja lina limene linatha chaka chisanathe, keke yake inali ya mayi Zuze. Wina anati tebulo limenelo amazunguzirapo mitu ya amuna a eni. Pa benchi yawo kutchalitchi panapezeka malo okwanira anthu atatu, koma palibe anakhalapo.

Kenaka anabwera a Kingstone, mkulu wa mpingo wa dera lawo, bambo wofatsa, wopuma pa ntchito ya m'boma. Anakana tiyi, n'kukhala kumphepete kwa mpando chipewa chili pa bondo.

"Mayi, bwalo la akulu a mpingo likukufunani Loweruka. Koma nkhaniyi ikhoza kutha bwinobwino. Mukangoima pamaso pa amayi anzanu n'kunena kuti ndinalakwa, zimene ndinkachita zija sizoyenera Mkhristu, ndazisiya. Basi. Mbaleyo muibwezere ku ntchito yake."

"Ndikapanda kutero?"

A Kingstone anayang'ana chipewa chawo. "Pali ena akunena za yunifolomu."

Atachoka, mayi Zuze anatseka chitseko n'kuima kuyang'ana bulauzi yoyera ija. Anandiuza okha kuti anakumbukira maliro a amuna awo, mmene amayi ovala zoyera anadzazira pabwalo mpaka mumsewu, iwo osagwira ngakhale poto. Anadziona okha atagona m'bokosi ndi diresi wamba, pabwalo pali anthu owerengeka, nyimbo ikuyambitsidwa ndi munthu wosadziwa mawu ake.

Tisungeni atamva analira pa foni. "Amayi, ingopepesani. Ndi mawu chabe. Ndine ndinayambitsa zimenezi, musataye anzanu chifukwa cha mbale ya madzi."

"Ndipepese kuti chiyani? Ndiime pamaso pa anthu ndinene kuti zimene mwana wanga amaphunzira n'zamdima? Ndivomereze kuti aliyense wochokera ku chigwa akagwira mchere ndiye kuti ndi mfiti? Iwe, pukuta misozi ukawerenge. Pakamwa panga sipatuluka zimenezo."

Loweruka m'mawa anavala yunifolomu yonse. Tebulo la makeke analisenza pamutu, mbale ndi mabotolo zili m'basiketi, n'kudutsa msewu waukulu, osati njira zachidule. Anyamata oitanira minibasi pa siteji anakuwa kuti, "Mami, ukwati uli kuti tidzadye nawo?" Iwo anayankha kuti, "Mukasambe kaye."

M'chipinda cha akulu a mpingo munali abusa, a Kingstone ndi akulu ena, ndi mayi Ethel monga mboni. Atapemphera, mayi Ethel anafotokoza zimene anaona, ndipo ndiyenera kunena mwachilungamo kuti sanawonjezerepo kanthu. Abusa atafunsa ngati mayi Zuze ali ndi mawu, iwo anayamba kutulutsa katundu m'basiketi.

"Mayi, muno si mochitira zimenezo," anatero mkulu wina, akukankhira mpando wake kumbuyo.

"Mwandiitanira chinthu chimene simunachione. Muchione kaye, ndiye mundiweruze. Mchere uwu ndagula ku Limbe, lawani. Utoto uwu ana anu anaudya pa maukwati awo."

Abusa anagwedeza mutu kuti apitirize. Mayi Zuze anali ndi utoto wobiriwira kunyumba, ndipo anauganizira ndithu, koma anabweretsa wofiira womwe uja. Anathira madzi, anazunguza, anaimba. Atazula kapulasitiki, mtsinje wofiira unakwawa, unakhotera kumanzere, timafunde tinapindika pamsana pake. A Kingstone, amene anali atavala magalasi n'kuwerama pafupi, anapempha kuti azunguze chobwerera. Anatero, ndipo mtsinje unasamukira kumanja.

"Izi si zamatsenga," anatero a Kingstone akuwongoka. "Zoti dziko likamazungulira limakhotetsa mphepo ndi madzi tinaziphunzira ku sekondale, kungoti sindinazionepo ndi maso. Ndikupempha abale tichotse mawu amenewo pa mayiwa."

Palibe anatsutsa. Mayi Zuze anayamba kupukuta m'manja poganiza kuti zatha. Koma mayi Ethel anaimirira.

"Kaya ndi sayansi kaya n'chiyani, ine ndiwauza chiyani amayi? Ena akuti sabwera Lachinayi akakhalapo awa. Ndipo nyimbo ya m'buku ndi yopembedzera, si yozunguzira mbale. Angopepesa, tikhale pamtendere."

Akuluakulu ananong'onezana. Abusa analankhula mofewa kuti nkhani tsopano si ya ufiti koma ya kukhumudwitsa ofooka, ndipo mawu ochepa opepesa savulaza munthu.

"Abusa, chopepesa chilipo chimodzi," anatero mayi Zuze. "Amake Kenny, odi wanu sindinamuyankhe, pamenepo ndinalakwa, mundikhululukire. Koma madziwa ayi. Nyanja analenga ndani? Mchere anaika ndani? Amene amazunguza dziko osathamanga, osachedwa, ndani? Ndikamuimbira nyimbo ndikuyang'ana ntchito yake, ndalakwira yani? Inu nomwe mwanena kuti si ufiti. Ndiye amene akhumudwawo muwauze zimenezo, osati kundituma ine kukanama kuti mitima yawo ikhale pansi."

"Mayi, tsitsani mawu, muli pamaso pa abusa," anatero mkulu uja.

"Ndatsitsa kale. Akanakhala okwera mukanamva Chisena."

Anawatulutsa panja kuti akambirane. Atawaitananso, a Kingstone ndi amene anapatsidwa ntchito yonena chigamulo, ndipo ananena akuyang'ana pansi. Pa mgonero wa Ambuye apitiriza kudya, chifukwa palibe tchimo lapezeka. Koma yunifolomu aisiye kaye, ndipo Lachinayi asamapite, kufikira atapepesa kwa amayi anzawo.

Mayi Zuze anamasula duku loyera pomwepo, analipinda bwinobwino n'kuliika m'basiketi pamwamba pa botolo la mchere. Anatulutsa chitenje n'kufunda pamwamba pa bulauzi.

"Ndamva. Yunifolomu ndiisiya, koma ndiisunga kwanga, ndinasoketsa ndekha. Ndikafa musanasinthe maganizo, mudzauze Tisu andiveke diresi la buluu, limandikhala bwino. A Kingstone, ndisenzeni tebuloli."

A Kingstone anawasenza.

Papita miyezi tsopano. Lamulungu lililonse mayi Zuze amakhala pa benchi yawo yomwe ija, atavala chitenje, ndipo amaimba mokweza kuposa kale. Lachinayi masana, nthawi imene amayi ovala zoyera amadutsa mumsewu kupita ku tchalitchi, iwo amakhazika tebulo pakhonde la kumaso, osatinso kuseri. Mtima umawapweteka, sabisa. Akamva nyimbo za anzawo zikuchokera ku tchalitchi nthawi zina dzanja limasokonekera, madzi n'kuvunduka, n'kuyambiranso. Panopa akuyesa zina. Anaika kamtengo pansi pa mbale kuti ipendekeke ngati phiri, ndipo akuti pamalo otsetsereka mtsinje umathamanga, timafunde timakula, ndipo umatuwa msanga. Tisungeni akuti n'zoona, ndipo funso lake lenileni lagona pomwepo. Vuto n'lakuti mbale ikapendekeka pamafunika manja ena: wina azizunguza, wina azule kapulasitiki.

Ine ndinasamukira ku Chitawira zonsezi zitachitika kale, ndipo ndinalowa m'bungwe lomweli ndi kalata yochokera ku mpingo wanga wakale. Nkhaniyi ndinaimva m'manong'onong'o, kenaka kwa mwini wake nditapita kukaitanitsa keke, kenaka kwa a Kingstone ndi kwa mayi Ethel, amene anandilandira bwino ndipo akuti mpaka lero sakuona chimene analakwa. Mwina ndalemba mokondera. Ndawerenga kangapo kufuna kuchotsa pamene ndakondera, koma ndalephera kupapeza.

Ine ndine munthu woopa maso a anthu. Kwa mayi Zuze ndimapita Loweruka, nditavala zakunyumba, ndipo pa misonkhano ndimakhala kumbuyo, ndikafunsidwa maganizo ndimati ndikugwirizana ndi zimene anena anzanga. Lachinayi likudzali sizikhala choncho. Pa nthawi ya zokambirana ndiimika dzanja ndipemphe kuti amayi auzidwe poyera zimene a Kingstone ananena m'bwalo muja, ndiponso kuti mayi Zuze abwezeredwe malo awo popanda kupepesa china chilichonse. Mawu ndawakonza kale. Avomere kapena akane, tikaweruka ndipita molunjika kwa mayi Zuze, nditavala yunifolomu yanga yonse ndi duku lomwe, kudutsa pafupi ndi geti la mayi Ethel. Ndikakhala pakhonde la kumaso, iwo azizunguza ndi kuimba, ine ndizule kapulasitiki.